A Mbeŵe ndi chinenero chotchedwa Ayi

A Mbeŵe tinawaika mwezi watha kuno ku Bradford, pafupi ndi mwana wawo Limbani. Abale a ku Kasungu anakalipa pa foni kuti thupi lipite kumudzi, koma mwiniwake anali atanena kale kuti adzaikidwe kuno, ndipo mkazi wawo anaPhiri sanafune kukangana ndi munthu amene sangayankhenso. Pamwambowo anthu analankhula zabwino zokhazokha. Anati anali mkulu wa mpingo, anaphunzitsa Chichewa ku sekondale zaka zambiri asanatsatire mkazi wawo amene anapeza ntchito ya unesi kuno, ndipo sanachite manyazi kunyamula makatoni ku weyahausi pamsinkhu umene anzawo anali atapuma. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula chimene chinawadya bamboyu m'zaka zawo zomaliza, ndipo ine, amene ndimakhala mumzere womwewo wa nyumba komanso ndinakangana nawo kuposa wina aliyense, ndinabwerera kunyumba nditakwiya.

Chinawadya ndi mdzukulu wawo Tadala, ndi mantha akuti mwanayo adzakula osatha kulankhula nawo. Limbani, mwana wawo yekhayo, anakwatira mtsikana amene anaphunzira naye ku yunivesite ku Newcastle, dzina lake Yuli. Kwawo kunali ku Kulawi, kumapiri a chilumba cha Sulawesi ku Indonesia. Ife osadziwa mapu tinkangoti mkazi wa Limbani wa ku China uja, ndipo a Mbeŵe ankatikonza ngati ana a Fomu Wanu. Tadala ali ndi zaka zitatu, Limbani anafa pa ngozi ya galimoto akuchokera kuntchito. Mapepala a Yuli okhalira m'dziko muno ankadalira a mwamuna wake, choncho pasanapite nthawi ananyamula mwana n'kubwerera kwawo.

Amuna a ku mpingo, aja odziwa malamulo a dziko lino kuposa eni ake, anawakakamiza a Mbeŵe kuti apite kukhoti mwanayo atsale. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati kwawo mwana ndi wa kwa mayi ake, anaphunzitsa zimenezo m'kalasi, ndiponso pamene mlamu wawo anamwalira iwo eni anapita kukatenga ana a mlongo wawo popanda kupepesa aliyense. Sakanasintha mwambo tsiku limene wawaluma iwo. AnaPhiri anakhala nthawi yaitali osawalankhula chifukwa cha nkhani imeneyi, ndipo sindikhulupirira kuti anawakhululukira kwenikweni. Ku bwalo la ndege ku Manchester, sutikesi ya mwanayo anainyamula ndi a Mbeŵe.

Poyamba zinkayenda. Loweruka lililonse m'mawa, kumene kunali masana kumeneko, Yuli ankaimba pa vidiyo ndipo Tadala ankabwebweta Chingerezi chake cha ku nazale. Koma Yuli anapeza ntchito ku Palu, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo mkati mwa sabata mwanayo ankakhala kumudzi ndi agogo ake aakazi, amene ankalankhula chinenero cha kwawo basi. Chingerezi chija chinayamba kuthothoka. Loweruka lina a Mbeŵe anamufunsa za chidole chimene anamutumizira, mwanayo anawayang'ana, kenako anatembenukira mayi ake kuti amumasulire. Tsiku limenelo anabwera kwanga, anakhala pampando osavula jekete, nati, "AnaBanda, mwana uja akundithawa ndikumuyang'ana." Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu ali ndi mantha otero.

Chinenerocho chimatchedwa Moma, ndipo amene amachilankhula ndi anthu a m'midzi ya m'dera limodzi basi. A Mbeŵe atamva kwa Yuli kumene dzinalo linachokera anaseka koyamba chimwalirire Limbani. Moma ndi mawu awo akuti ayi. Mitundu ya kumeneko imatchana malinga ndi mmene uliwonse umakanira: oyandikana nawo ndi a Uma, ena kumunsi ndi a Ledo, ndipo onsewo ndi ayi. Anthu akamadya pambuyo pa mapemphero, a Mbeŵe ankazungulira n'kumauza aliyense kuti tikanatengera nzeru imeneyo ife tikanakhala olankhula Chiayi, Atumbuka Chiyayi, Ayao Chingwamba. Ankati ndi anthu oona mtima, chifukwa munthu umamudziwa bwino pamene wakukana. Nthabwala imeneyi tinaimva kambirimbiri mpaka ana athu obadwira kuno, amene Chichewa amangomva n'kuyankha m'Chingerezi, anayamba kuwathawa.

Ine ndinawauza poyera kuti akutaya nthawi. Mwanayo akayamba sukulu adzaphunzira Chiindoneziya, chinenero cha boma, chimene chili ndi mabuku, chili pa foni, komanso ophunzira ochilankhula ali mbwee ku Leeds. Moma analibe buku lililonse limene munthu angagule m'shopu. Anandiyankha kuti chinenero cha boma ndi cha kusukulu ndi kuchipatala, ndipo palibe mwana amene amalira m'chinenero cha boma. Iwo sankafuna kudzakhala mlendo waulemu amene mwana amamuyankha ataima chilili. Ankafuna kudzamukalipira akalakwa, iye n'kunyinyirika, monga zimakhalira pakati pa agogo ndi mdzukulu. Ndinati ndi liuma la aphunzitsi akale. Mpaka lero ndimaganiza kuti akanaphunzira zonse ziwiri, koma munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri amene amaweruka ku weyahausi msana ukuwawa sangasenze zinenero ziwiri, ndipo iwo anasankha chovutacho.

Mphunzitsi wawo anali Yuli yemweyo, mpongozi wawo. Ankawajambulira mawu pa foni akamapita kuntchito, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, zinthu zimene munthu amauza mwana: wadya kodi, kasambe, usathamange, bwera kuno. A Mbeŵe ankamvetsera kubwerezabwereza ngati nyimbo ya kwaya. Anakwera basi mpaka ku Leeds, n'kuchonderera anthu a ku laibulale mpaka anawapezera buku lakalekale lofotokoza chinenerochi. Analikopera lonse pa makina, koma atafika nalo kunyumba anazindikira kuti mafotokozedwe onse ali m'Chidatchi. Sanataye mtima. Ankawerenga zitsanzo zokha, zina zonse n'kumangoganizira.

Chimene chinawanyenga ndi chakuti Moma amamveka ngati m'bale wa Chichewa. Mawu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, ngati athu. Liwu amalikoka pafupi ndi kumapeto, ngati ife. Ali ndi mb ndi nd kumayambiriro kwa mawu, zimene azungu zimawatsamwitsa. Koposa zonse ali ndi liwu lija la pakati pa w ndi v, limene milomo imayandikana osakhudzana. Muyenera kudziwa kuti a Mbeŵe anamenya nkhondo moyo wawo wonse chifukwa cha kachipewa ka pa w wa m'dzina lawo. Kumudzi ankachotsera ana malikisi akakaiwala. Kuno makompyuta a ku khansolo ndi ku banki ankakameza, ku weyahausi ankangowaitana kuti Mista Emu, ndipo ife Amalawi anzawo tinali titasiya kalekale kulitchula. Tsiku limene anamva liwulo m'kamwa mwa Yuli, m'mawu a anthu a kumapiri a kutsidya la dziko lapansi, anandiimbira ndili pa shifiti. Ndinaganiza kuti kwagwa zovuta, koma ankangofuna kuti ndimve.

Ubale umenewo unathera pomwepo. Ife lilime lathu silitha kunena mp kapena nt popanda kupemerera mpweya. Timangopezeka tanena mph ndi nth. Anthu a ku Kulawi sapemerera. Yuli anawauza mwaulemu kuti akamalankhula amamveka ngati akuzimitsa kandulo. Kuyambira pamenepo a Mbeŵe ankakhala pampando wakutsogolo m'basi ya m'mawa, atagwira tikiti patsogolo pa milomo, n'kumanena nta, nte, nti, kuyang'ana ngati kapepalako kagwedezeka. Kankagwedezeka. Ndinakwerapo nawo basi imodzi ndipo ndinakakhala kumbuyo kwenikweni, kunamizira kuti sindikuwadziwa. Dalaivala wina anawafunsa ngati akufuna ambulansi.

L ndi r ndiye anawavula ulemu. Munthu amene anaphunzitsa zaka zonsezo kuti r amabwera pambuyo pa e ndi i basi, ndipo kuti kunena Maliya kapena Mariya n'chimodzimodzi, anapeza kuti ku Kulawi awiriwa ndi anthu osiyana. Mawu akuti iwo ndi hira, ndipo pa mneni amaikapo ra kumayambiriro. A Mbeŵe ankati la. Tadala, amene panthawiyo mano akutsogolo anali ataguluka, ankagubuduka ndi phwete n'kuitana anzake kuti adzamve. Iwo ankabwereza dala kuti asekenso, chifukwa mwana akamaseka ndiye kuti sanachoke pa foni. Akatseka foniyo nkhope inkagwa.

Galamala ndiye ankaikonda, ndipo ankatiphunzitsa tisanapemphe. Kachidutswa kakuti ku, kamene kwa ife kamaloza iwe, monga mu ndikukuona, kumeneko kamatanthauza ine. Ankati ndi chinenero chimene munthu ungalumbire kuti ukuneneza mnzako pamene ukudzineneza wekha. Anakondwa kupeza kuti ali ndi iko, amene ndi iwe, ndi komi, amene ndi inu. Amake Yuli, amene iwo ankawatcha asewere anga ngakhale anali asanaonane maso ndi maso, ankawalankhula ndi komi monga mmene tichitira kwathu, ndipo palibe anawakonza. Koma chimene chinawasowetsa tulo ndi ife. Anthu a ku Kulawi ali ndi ife awiri. Kami ndi ife kuno, iwe ulibemo. Kita ndi ife tonse pamodzi ndi iwe amene ndikulankhula nawe, ndipo pa mneni kita ameneyu amakhala ta, ngati wa m'dzina la Tadala. Ankati mwanayo anamutcha bwino osadziwa. Koma Loweruka lililonse, Tadala akamafotokoza za kumunda wa khofi kapena za kutchalitchi, iwo ankatchera khutu ndipo ankangomva kami. Ndinawauza kuti n'zachidziwikire, popeza iwo kumundako sanapite nawo. Anati akudziwa, koma kudziwa sikuchepetsa kuwawa.

Ndisanamize anthu kuti anafika patali. Sanafike. Pambuyo pa zaka zonsezo ankatha kufunsa mafunso ochepa, koma yankho likabwera lothamanga ankangogwedeza mutu n'kumamwetulira. AnaPhiri ankadutsa ndi zochapa n'kuwauza kuti akulankhula ngati mwana woyamba kumene kuyenda. AnaPhiri eni akewo pa foniyo sankakhala. Ankangosuzumira, kubayibitsa, n'kuchoka, ati mwanayo akufanana kwambiri ndi Limbani. Vuto lina linali khalidwe lawo la uphunzitsi. A Mbeŵe sankatha kupirira chete. Akakufunsa funso iwe n'kuchedwa pang'ono, ankaponya lachiwiri lotsutsana nalo: mwadya, simunadye? mubwera, simubwera? Pa foni ya kutali chotero, imene mawu amachedwa kufika, ankangowombana ndi mwanayo pakati.

Lachisanu lina kumapeto kwa Seputembala 2018 ndinaona pa TV ya mu wodi ya kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unesi madzi a m'nyanja akulowa mumzinda, ndipo pansi pake analemba kuti Palu. Kunachitika chivomezi chachikulu. Nditawaimbira pa nthawi yopuma, a Mbeŵe anali atadziwa kale. Foni ya Yuli sinkalowa. Ya mchimwene wake sinkalowa. Nkhani zinkati msewu wopita kumapiri wakwiririka ndi dothi, ndipo za midzi ya ku Kulawi palibe ankanena kanthu. Masiku anapita. A Mbeŵe anasiya kupita kuntchito, anasiya kudya, ndipo foni ankayenda nayo m'manja ili pa chaja yonyamula, ngakhale popita kuchimbudzi.

M'mawa wina ndili pa ofu ndinawapititsira phala. Tili m'khitchini ndi anaPhiri foni inalira, nambala yachilendo, yopanda vidiyo. Anaiika poti tonse timve. Kunamveka mphepo, kenako mawu a mayi wachikulire. A Mbeŵe anaimirira ngati alowa m'kalasi.

"Tina Yuli?" anatero, ndiko kuti amake Yuli. "Komi?"

Mawu aja ananena zinthu zambiri mothamanga. Ndinaona pankhope kuti sanatolepo kanthu. Anafunsa mawu amodzi amene anali atawakonzekera masiku onsewo.

"Natuŵu?"

Ndiko kuti, ali moyo? Kunali zii. Tinamva pambuyo pake kuti anthuwo anakwera phiri kuti apeze netiweki, ndipo mawu ankatenga nthawi kuti afike. Koma a Mbeŵe chete sankamutha.

"Namate?"

Ndiko kuti, wamwalira? Asanatseke pakamwa yankho linafika, limodzi lokha, lomveka bwino lomwe.

"Moma."

Kenako kulira, kenako foni inaduka. Anaimbanso pomwepo, anaimbanso, koma sinalowe.

Anatiyang'ana. "Ayankha funso liti, anaBanda?"

Ndinawauza kuti sindikudziwa, chifukwa sindinkadziwadi. Ngati mayiwo ankayankha loyamba, mwana wafa. Ngati ankayankha lachiwiri, ali moyo. AnaPhiri anakhala pansi pa matailosi ozizira, nati mwakachetechete, "Zaka zonsezi mukuphunzira, mwatifunsira chiyani pamenepa?" Phala lija linazizira pa tebulo.

Masiku otsatirawo sindifuna kudzawaonanso. Bamboyu anasanduka wofufuza mlandu wa mawu amodzi. Ankandituma kuchipinda chapamwamba kuti ndiwaimbire, iwo n'kumafunsa mafunso awiri aja, ine n'kumayankha, kuti aone ngati yankho la loyamba lingafike mochedwa chotero. Ndinawauza kuti foni ya m'nyumba imodzi si foni ya pa phiri la ku Indonesia, koma ankati tiyesenso. Ankati kulira kuja kukhoza kukhala kwa chisoni, kukhozanso kukhala kwa munthu amene wapulumuka. M'mawa ankakhulupirira china, madzulo china. Anatenga mapepala a buku la Chidatchi aja n'kundipempha kuti ndiwapezere wowerenga. Mu wodi mwathu munali nesi wa ku South Africa wolankhula Chiafirikanzi, chimene chimafanana ndi Chidatchi, ndipo mtsikanayo anapereka nthawi yake ya nkhomaliro kuwerenga nawo mu kantini, iwo akuloza ndi chala. Ankafuna lamulo lonena kuti munthu wa ku Kulawi akafunsidwa mafunso awiri amayankha liti. M'bukumo munalibe lamulo lotero, ndipo sindikhulupirira kuti lilipo m'chinenero chilichonse.

Azimayi a ku mpingo atamva anabwera monga mwa mwambo, atavala zitenje pamwamba pa majekete, nakhala pansi pa balaza. Wina atangoyambitsa nyimbo, a Mbeŵe anatsika masitepe ali ndi sokosi zokha. Munthu amene sanakwezepo mawu kwa mayi aliyense anawathamangitsa. "Pano palibe maliro," anatero. "Nobody has died in this house. Tulukani." Ena sanawakhululukire mpaka tsiku la maliro awo enieni. Ine ndinamvetsa. Akanalola nyimbo ija, ndiye kuti asankha funso loyamba.

Yankho linabwera kudzera mwa mnyamata wa ku Indonesia wophunzira ku Leeds, amene mnzanga wa kuntchito anatilumikiza naye. Iye anayesayesa mpaka meseji yake inamupeza mchimwene wa Yuli, ndipo anabwera yekha pa sitima kudzatiwerengera. Meseji yoyankhayo inali m'chinenero cha boma chija a Mbeŵe ankachinyoza. Ndinaganiza zimenezo koma sindinanene. Tadala anali moyo. Nyumba ya agogo ake inagwa koma onse anali panja. A Mbeŵe anakweza manja, nayamba kutamanda Mulungu akuzungulira m'kanjira ka pakhomo, misozi ili chuchuchu. Mnyamatayo anadikira, akuyang'ana pansi, kenako anawerenga mzere wachiwiri. Yuli anali ku Palu madzulo a Lachisanu lija, akukonzekera kukwera galimoto yopita kumudzi. Thupi lake linapezeka.

Manja aja anatsika pang'onopang'ono. Anakhala pa sitepe yoyamba, ndipo patapita nthawi anati, "Ndinafunsa mayi ngati mwana ali moyo, osatchula dzina. Anandiyankha za mwana wake." Anali asanaganizepo zimenezo masiku onsewo, ine ndi anaPhiri chimodzimodzi. Tonse tinkawerengera mafunso awiri, osaona kuti ana analinso awiri. Manyazi amene anawagwira anali aakulu kuposa chisoni, chifukwa Yuli ankawakonda ndipo iwo ankamukondanso. Anandipempha kuti ndikaitane azimayi aja adzaimbe, ndipo amene anabwera anaimba mpaka madzulo.

Kuyambira pamenepo panalibenso womasulira, panalibenso mphunzitsi. Netiweki itabwerera, Loweruka linabwereranso, koma tsopano kunali gogo wa ku Kasungu mbali ino, mwana wamasiye ndi gogo wa ku Kulawi mbali inayo, pakati pawo mawu ochepa aja basi. Milungu yoyamba Tadala sankafuna kubwera pa foni. Ankachita kumukoka, iye n'kumangoyang'ana kumbali. A Mbeŵe anatha mafunso awo onse. Tsiku lina, posowa chonena, anangotulutsa chimodzi mwa ziganizo zimene Yuli anawajambulira, chija chakuti kasambe, kwada. Anali atachimvetsera kochuluka moti anachinena ndendende mmene mwiniwake ankanenera, kukweza pamene iye ankakweza, kukoka pamene iye ankakoka. Mwanayo anatembenuka. Anawauza kuti anenenso.

Zinakhala choncho chaka chonse chomaliza. Tadala ankabwera yekha pa foni, n'kumawalamula ziganizo chimodzichimodzi, iwo n'kumanena: wadya kodi, usathamange, bwera kuno. Nthawi zina ankayankha ngati akuyankha mayi ake, nthawi zina ankangotseka maso. A Mbeŵe sanadzinamize. Anandiuza kuti mwanayo sakubwerera iwo, akubwerera mayi ake amene atsalira m'kamwa mwawo, koma bola akubwera. Ankaopa kuphunzira mawu atsopano kwa wina aliyense kuti angawononge kamvekedwe kaja. Ankaopanso kuti mwanayo akadzakula pang'ono adzatopa nazo, ndipo iwo adzakhala alibe china chomupatsa. Mantha amenewo sanawachoke mpaka tsiku lomaliza.

Anaganiza zopita. Anati akakhala kumeneko miyezi ingapo, kumva anthu akulankhula kuyambira m'mawa, lilime lidzamasuka. Koma mtima unali utayamba kuvuta, miyendo ikutupa, ndipo dokotala anati ulendo wa pa ndege wautali chotero sangaupirire. Anabwera kwa ine kuti ndiwathandize kutsutsa, poti ndine nesi. Ndinawauza kuti dokotala akunena zoona. Chilango changa chinali chakuti anayamba kundipatsa moni m'Chingerezi. Tikakumana pa siteji ya basi ankavula chipewa n'kuti, "Good morning, Sister," ngati sitinadyerepo limodzi. Zinandipweteka kuposa mmene kutukwana kukanandipwetekera, ndipo iwo ankadziwa. Anabwerera ku Chichewa atagonekedwa m'chipatala, pamene anandipempha kuti Loweruka ndiwagwirire foni koma ndizimitse kamera, mwana angaope mapaipi. Mpweya unali wochepa moti ankapuma pakati pa mawu. Anamwalira mkati mwa sabata yotsatira.

Uthenga wa imfa tinautumiza kudzera mwa mnyamata wa ku Leeds uja, ndipo mchimwene wa Yuli anayankha mawu achipepeso. Tonse tinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo.

M'nyumba mwawo muli kachipinda kakumbuyo, pamwamba, kamene windo lake limayang'ana mabini ndi khoma la aneba. Ndi malo osasangalatsa, ozizira, koma ndi okhawo amene kuwala kwa m'mawa kumalowa mokwanira. Pa balaza kamera inkangoonetsa magalasi ndi mano, pamene a Mbeŵe ankafuna kuti mwanayo aziona milomo yawo pa foni. Pali mpando wa m'khitchini wokhala ndi pilo wophwatalala, ndi mabuku a nyimbo atatu osanjikizana pawindo, pamene ankatsamiritsa foni. AnaPhiri sanasunthe kanthu.

Loweruka loyamba titaika maliro ndinali nawo, tikupinda zovala zoti tipereke. Foni ya malemu inalira m'kabati. AnaPhiri anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaitenga n'kukwera nayo masitepe, ine pambuyo. Tadala anali atavala yunifolomu ya kusukulu yoyera ndi yofiira, tsitsi atalimanga kumbuyo. AnaPhiri anamupatsa moni m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Mwanayo anawayang'ana mwaulemu, nanena kanthu, akuloza ndi chala kumbali. Ananenanso. AnaPhiri anatembenuza foni kuti iyang'ane mpando.

Mwanayo anayamba kulankhula. Analankhula nthawi yaitali, mosathamanga, ngati munthu wolankhula ndi wina amene amamva pang'onopang'ono, ndipo pakutha pa chiganizo chilichonse ankaima kusiya mpata. AnaPhiri anagwirabe foniyo m'manja. Ndinati ndiwalandire, anakana. Osachotsa maso pa mpandowo anandinong'oneza kuti, "AnaBanda, mawu akuti ndili pano ankati chiyani?"

Sindinkadziwa. Tonse awiri tinakhala pafupi ndi bamboyu zaka zonsezo, tikumva, tikuseka, ndipo mawu amenewo palibe anawasunga.

Waimbanso Loweruka lililonse kuchokera tsikulo. AnaPhiri tsopano amayatsa hita ya m'kachipindako m'mawa, amatsegula katani, amatsamiritsa foni pa mabuku aja, kenako amakaima pakhomo pamene kamera siwaona. Pa pilo pakadali dzenje la pamene ankakhala, ndipo mwanayo akaima kudikira yankho m'chipindamo mumangomveka hita.